Bawuti Ikakana Kumasuka

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu zidayamba zatumikira anthu ena kunja. Zochuluka zidachokera ku Japan, zina ku Britain, ndipo pomatsitsidwa padoko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban n'kuti zitayenda kale zaka zingapo. Kumpoto kwa Japan, monga pachilumba cha Hokkaido, ndiponso ku Britain, nyengo yozizira ikafika amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane n'kuchititsa ngozi. Mchere umenewo umathovukira kunsi kwa galimoto n'kukakhala m'timipata momwe madzi otsukira safika. Galimotoyo ikabwera kuno imaonjezera matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe. Pamwamba penti ikuwala, mipando ili mbee, koma kunsi kuli mabawuti amene sipanala sinawakhudzepo chichokereni kufakitale.

Mwini galimoto amazindikira zimenezi tsiku limene waganiza zosintha yekha mapadi a mabuleki, shock absorber kapena paipi ya ekizozi pakhomo pake, kuti apulumutse ndalama ya kugalaja. Mabawuti atatu amasuka bwinobwino, koma yachinayi yangoti gwa. Akoka, osatheka. Akokanso, thukuta lili kamukamu, osatheka. Maso amayamba kusakasaka paipi yaitali yoti avekere ku sipanala, ndipo kawirikawiri ndi pomwepa pamene ntchito ya ola limodzi imasanduka ya masiku atatu. Bawuti yolimba ndi vuto lotheka pakhomo. Koma yothyokera m'kati, kapena imene makona a mutu wake afafanizika, imafuna makina obowolera, wowotcherera, mwinanso kugula chitsulo chonsecho chatsopano. Luso lonse lagona pa kumasula yoyambayo popanda kuisandutsa yachiwiriyo, ndipo poyambira pake ndi kudziwa chimene chaigwira.

Chaigwira n'chiyani?

Bawuti ikamangidwa imatanuka pang'ono, kutanuka kosaoneka ndi maso, ndipo pofuna kubwerera mwakale imafinya zitsulo ziwirizo pamodzi. Chimene chimailetsa kumasuka yokha ndi kukhulana kwa chitsulo ndi chitsulo, kunsi kwa mutu ndi m'mazinga, timizere topotana tija ta pathupi pake. Akatswiri amawerengera kuti pa mphamvu imene munthu amaika pa sipanala pomanga, pafupifupi magawo 90 pa 100 amathera pa kukhulana kumeneku, ndipo otsala ochepawo ndi amene amatanula bawuti. Choncho chilichonse choonjezera kukhulana chimalemetsa ntchito ya womasula, ndipo palibe chimene chimatero kuposa dzimbiri.

Dzimbiri limabadwa chitsulo chikagwirizana ndi mpweya wa okosijeni pamalo achinyezi, ndipo mchere umafulumizitsa ntchitoyo. Kuipa kwake kwakukulu n'kwakuti limatupa: limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya. Pakati pa mazinga a bawuti ndi a nati pamakhala kampata kakang'ono kamene kamalola ziwirizi kuzungulirana. Dzimbiri likamera m'menemo limadzaza kampatako n'kuyamba kukankha mbali zonse, monga chitseko cha matabwa chimene chimafufuma m'dzinja n'kukana kutseguka ngakhale loko ali wotsekula. Komabe dzimbiri lili ndi pofooka pake. Ndi louma, ndipo silichedwa kuphwanyika likagwedezedwa. Njira zambiri zimene amakaniko amagwiritsa ntchito ndi zongofuna kuliphwanya ndi kulinyowetsa.

Injini za masiku ano zili ndi mbali zambiri za aluminiyamu, monga silinda hedi, giyabokosi ndi pampu ya madzi. Bawuti yachitsulo ikakhala mu aluminiyamu, ndiye pafike madzi, makamaka amchere, zitsulo ziwiri zosiyanazi zimapanga kamphamvu ka magetsi pakati pawo, ndipo wodyeka amakhala aluminiyamuyo. Asayansi amatchula kudyeka kotere ndi dzina la Luigi Galvani, dokotala wa ku Bologna m'dziko la Italy amene adamwalira mu 1798, yemwe adaona miyendo ya chule wakufa ikuphiriphitha itakhudzidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana. Mukaona ufa woyera m'mphepete mwa bawuti, dziwani kuti ndi zimenezi, ndipo muchenjere kawiri, chifukwa mazinga a aluminiyamu ndi ofewa, amatha kutuluka pamodzi ndi bawutiyo.

Mabawuti a ekizozi ali ndi mavuto awoawo. Amapsa ndi kuzizira tsiku ndi tsiku kwa zaka, mpaka amaonda ndi kufooka. Ena amathyoka ndi mphamvu yochepa chabe.

Pali mabawuti enanso amene fakitale idawamata dala. M'zaka za m'ma 1950 Vernon Krieble, mphunzitsi wa sayansi pa Trinity College ku Connecticut m'dziko la America, adapanga mankhwala amadzimadzi amene amauma pokhapokha akatsekeredwa pakati pa zitsulo, pamene mpweya sufika. Ndiwo adadzatchuka ndi dzina loti Loctite. Abuluu amalola kumasula ndi sipanala wamba, koma ofiira amafuna kutenthedwa kufika pafupifupi madigiri 250 kuti afewe. Pa bawuti yotere mafuta sathandiza kanthu, ngakhale mutathira botolo lonse.

Ndiye pali bawuti imene palibe chaigwira, koma womasulayo ndi amene akuimanga. Aliyense wokonza njinga amadziwa kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mosemphana ndi ya kumanja. Malole ambiri a ku Japan, monga Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Toyota Dyna, ali ndi manati otere pa matayala a kumanzere, ndipo kunsonga kwa bawuti kumakhala chilembo cha L. Bawuti wamba imamasuka mukaizunguza mosemphana ndi mivi ya wotchi, mutayang'anizana ndi mutu wake. Mawu oti "mutayang'anizana ndi mutu wake" musawadumphe, pakuti munthu amene wagona chagada kunsi kwa galimoto, akugwira bawuti yoyang'ana kumbali ina, sachedwa kusokonezeka.

Tetezani mutu wake

Musanagwire mafuta kapena hamala, yang'anani sipanala imene ili m'manja mwanu. Mitu yambiri yofafanizika imene amalimbana nayo owotcherera a ku Ndirande ndi amakaniko a ku Biwi sidaonongeke ndi dzimbiri. Idadyedwa ndi sipanala yosakwana.

Kale fakitale iliyonse inkapanga mazinga akeake, moti nati ya uku sinkalowa pa bawuti ya uko. Mu 1841 Joseph Whitworth adakonza muyeso umodzi woti mafakitale a ku Britain azitsatira, ndipo mu 1864 William Sellers wa ku Philadelphia adakonza wa ku America. Yonse iwiri inali ya mainchesi. Wa mamilimita ndi umene galimoto pafupifupi zonse za lero zimatsatira. Mbiri imeneyi ikadali m'mabokosi athu a zida, momwe masipanala a mainchesi, otsalira m'nthawi ya ma Land Rover ndi ma Bedford akale, amasakanikirana ndi a mamilimita. Sipanala ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7. Pa mutu wa 12 imaoneka ngati yakwana, koma kampata kotsalako n'kokwanira kudya makona onse pa kukoka kumodzi.

Ngakhale pakati pa mabawuti a mamilimita pali kusiyana. Bawuti ya thupi la mamilimita 8 pa galimoto ya ku Ulaya kawirikawiri imakhala ndi mutu wa 13, pamene pa Toyota, Nissan, Honda kapena Mazda mutu wake ndi wa 12. Ya thupi la mamilimita 10 ku Ulaya imafuna 16 kapena 17, ku Japan imafuna 14. N'chifukwa chake wokonza galimoto za ku Japan amangosinthasintha 10, 12, 14, 17 ndi 19. Kuika 13 pa mutu wa 12 n'kupempha tsoka.

Mtundu wa sipanala nawo ndi nkhani. Yotseguka kukamwa imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo ikakokedwa mwamphamvu kamwa lake limayasamula n'kuterereka. Bobojani, sipanala yosintha kukula kwa kamwa ija, ndiye amaposa apo. Pa bawuti yolimba musiyeni m'bokosi. Yozungulira ya makona 12 ndi yabwinopo, koma imagwira kunsonga kwa makona, pomwe pali pofooka. Chida choyenera ndi soketi kapena sipanala yozungulira ya makona 6, imene imakumbatira mbali zonse zafulati. Yambani mwapala matope ndi dzimbiri pamutupo ndi bulashi ya waya, kenako gogodani soketiyo ndi hamala mpaka ikhale pansi penipeni. Soketi yogwira theka la mutu imafafaniza theka limenelo, n'kukusiyirani theka lotsalalo loti mulimbane nalo. Timanati ta mapaipi a mabuleki tili ndi sipanala yakeyake, yozungulira koma yong'ambidwa pang'ono kuti paipi ilowe, ndipo amene akufuna kumadzikonzera yekha mabuleki ayenera kuigula.

Mafuta, hamala ndi nthawi

Ngati nsonga ya bawuti yatulukira kuseri kwa nati, ipaleni ndi bulashi ya waya mpaka mazinga aoneke. Anthu ambiri amaiwala zimenezi, ndiye nati ikangoyamba kuyenda imakumana ndi dzimbiri lonse la kunsongako n'kukakamiranso pakati panjira.

Kenako thirani mafuta olowerera. Awa ndi mafuta opepuka kwambiri, amene amadzikoka okha kulowa m'timipata tosaoneka. Otchuka kuposa onse ndi WD-40, amene adapangidwa mu 1953 ku San Diego ndi kampani ya Rocket Chemical Company, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kuteteza khungu la mizinga ya Atlas ku dzimbiri. Zilembo za WD zimaimira kuchotsa madzi, ndipo imeneyo ndi ntchito imene amaidziwa bwino. Pa bawuti amathandiza ndithu, koma m'masitolo a zida muli mafuta ena opangidwira kulowerera m'dzimbiri basi, ndipo pa bawuti youma mutu amenewo ndi oyenera mtengo wake. Kumene kulibe zonsezi, palafini kapena dizilo amagwira ntchito, pang'onopang'ono. Amakaniko ambiri amathira mafuta a mabuleki. Amalowerera, koma amasupula penti, choncho asadonthere pathupi la galimoto. Za Coca-Cola si nthano chabe: muli asidi wa phosphoric amene amadya dzimbiri, kungoti ndi wochepa kwambiri, ndipo shuga wake amasiya zomata. Oyilo wa injini ndi girisi ndi zolemera, zimangokhala pamwamba.

Mafuta alionse amene mwasankha, chimene chimawapatsa mphamvu ndi nthawi. Kuthira n'kukoka pompo n'chimodzimodzi osathira. Ngati mukudziwa kuti Loweruka mudzasintha ekizozi, yambani kunyowetsa mabawuti ake Lachinayi madzulo, mubwereze Lachisanu m'mawa ndi madzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa zida zonse zimene tikukamba pano, kudikira ndi chida chokhacho chosagula.

Pamene mafuta akulowerera, gogodani. Menyani pamutu pa bawuti ndi hamala, molunjika, nkhonya zazifupi zambirimbiri, osati imodzi yofuna kuphwanya dziko. Ngati ndi nati, tsamizani hamala ina yolemera kumbali imodzi ndi kumenya mbali inayo. Kugwedezeka kumeneku kumang'amba dzimbiri m'kati ndi kutsegulira mafuta njira. Musamenye nsonga ya mazinga ndi hamala, imaphwatalala ndipo nati sidzadutsanso. Makina omasulira a mpweya kapena a batire, amene amalira pokonzera matayala, amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi: amamenya mozungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo n'chifukwa chake amamasula mabawuti amene paipi yaitali ikadangowathyola. Amafuna masoketi akeake, akuda aja, pakuti onyezimira amatha kusweka n'kulasa munthu m'maso.

Tsopano ikani soketi, ndipo yambani ndi kumanga. Inde, kumanga, pang'ono pokha. Kusuntha kochepako kumathyola kugwirana kwa dzimbiri. Kenako kokerani komasula, mosanjanja, mphamvu ikukwera pang'onopang'ono. Ikasuntha, musathamangire kuimaliza. Masulani pang'ono, bwezerani pang'ono, thiraninso mafuta, masulaninso kupitirira paja. Kupita ndi kubwerera kumeneku kumapera dzimbiri kukhala ufa n'kulitulutsa kunja. Mabawuti ambiri amathyoka atayamba kale kuyenda, mwini wake atasangalala msanga.

Manja ayenera kuphunzira kumva. Bawuti imene ikumasukadi imalira kuti phaa, kapena imatsetsereka ndi kaphokoso kouma, ndipo kulimba kwake kumachepa pang'onopang'ono. Imene ikupotoka m'kati simalira. Sipanala imangoyamba kuyenda mofewa, mwakachetechete, koma mukayang'ana kunsonga mupeza kuti nsongayo siikuzungulira. Mukamva kufewa kumeneko, lekani pomwepo. Mutu ukuzungulira wokha, ndipo katsala pang'ono kuti utsalire m'soketi.

Za paipi yaitali ndi za moto

Paipi ili ndi malo ake, koma munthu ayenera kudziwa kukula kwa mphamvu imene wanyamula. Mphamvu yopotola imayezedwa mu Nm, ndipo imapezeka pochulukitsa mphamvu yokokera ndi kutalika kwa mpini. Munthu wolemera makilogalamu 70 akaima kumapeto kwa sipanala ya masentimita 30 amaika pafupifupi 200 Nm. Akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi amaika pafupifupi 700 Nm. Yerekezani ndi zimene mabawutiwo adapangidwira: nati ya tayala la Toyota Corolla imamangidwa pa 103 Nm, bawuti wamba ya mamilimita 8 pafupifupi pa 25 Nm, ndipo ya mamilimita 6 pafupifupi pa 10 Nm. Paipi ndi ya mabawuti akuluakulu, monga a habu ndi a miyendo ya galimoto. Pa kabawuti ka mutu wa 10 kapena 12, mkono wa munthu wamkulu ndi wokwanira kale kukathyola. Ndipo paipi isavekedwe pa ratchet, chifukwa timano ta m'kati mwake timasweka. Ivekedwe pa mpini wolimba wopanda timano.

Apa ndiyenera kuima pang'ono pa nkhani imene imandisautsa mtima. Munthu wokoka ndi mphamvu zotere amagwedeza galimoto yonse. Jeke ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga galimoto m'mwamba munthu ali kunsi. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo miyala yosanjikiza imaterereka. Galimoto yaing'ono imalemera pafupifupi tani imodzi. Ikatsika pachifuwa palibe wofuula. Gwiritsani ntchito zoimikira zachitsulo, kapena zipika zochindikala za mtengo wolimba, pamalo afulati ndi olimba. Tsekerani matayala otsalawo, ndipo tayala limene mwachotsa ligonekeni kunsi kwa galimoto kuti likhale mlonda wachiwiri. Manati a tayala ayambeni kumasula galimoto ikadali pansi. Pokoka, kokerani kwa inu m'malo mokankha, kuti bawuti ikamasuka mwadzidzidzi zala zisakamenyeke pachitsulo.

Zonsezi zikakanika, utsala moto, ndipo moto ndi umene umapambana kawirikawiri. Chitsulo chikatentha chimafutukuka: mita imodzi imatalika ndi pafupifupi mamilimita 0.012 pa digiri iliyonse, ndipo aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Nati ya bowo la mamilimita 12 ikatentha madigiri 300 kuposa bawuti yake, bowolo limakula ndi mamilimita 0.04, osafika ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi lomwe. Koma m'mazinga kampata kameneko n'kakakulu, ndipo dzimbiri louma lija silingapirire kukokedwa kotero. Chinsinsi chake n'kutenthetsa nati, kapena chitsulo chozungulira bawutiyo, mofulumira, kuti chakunja chifutukuke cham'kati chisanatenthe. Lawi laling'ono lamphamvu, monga la owotcherera ndi gasi, limaposa lawi lalikulu lofooka limene limangofunditsa zonse pamodzi. Ikakana ikadali yotentha, ilekeni izizire, thirani mafuta, mubwerezenso. Kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza kumamasula mabawuti amene adakana zina zonse.

Moto sufuna chibwana. Musanayatse, yang'anani chimene chili pafupi ndi kuseri: mapaipi ndi thanki ya petulo, mapaipi a labala a mabuleki, mawaya, mabushi. Shock absorber ili ndi mafuta ndi mpweya wopanikizidwa m'kati, ndipo ikatenthedwa imatha kuphulika. Limu lokhala ndi tayala lisatenthedwe kapena kuwotchereredwa, chifukwa kutenthako kumatha kuphulitsa tayalalo ndi mphamvu yopha munthu. Mafuta olowerera aja amayaka, choncho apukuteni ndi kuika chitini chake kutali. Mankhwala ena otsukira mabuleki ali ndi chlorine, ndipo akakumana ndi lawi amatulutsa phosgene, mpweya wa poizoni umene udapha asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Gwirirani ntchito panja, chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga ili pambali, pakuti madzi sazimitsa petulo. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 asanasinthe mtundu kuti akuchenjezeni, choncho amangofuna kufunditsidwa. Bawuti iliyonse imene yapsa mpaka kufiira yataya kulimba kwake, ndipo siyenera kubwerera pagalimoto. Mapulagi safuna kutenthedwa: mu hedi ya aluminiyamu amamasulidwa injini itazizira.

Mutu ukafafanizika, bawuti ikathyoka

Zimachitika ngakhale kwa amakaniko okalambira pantchito, ndipo njira zikadalipo. Mutu ukafafanizika, khomererani ndi hamala soketi ya makona 6 yocheperapo pang'ono. Apa m'pamene zida za mainchesi zija zimapeza ntchito: soketi ya theka la inchi imaluma bwino mutu wa 13 umene wadyeka. Mukhozanso kupala mbali ziwiri ndi tupa kuti zikhale zafulati, n'kumanapo ndi vice grip. Nati imatheka kuizunguza ndi tchizulo, mukumenya m'mphepete cha kumene imamasukira, kapena kuing'amba kumbali kuti ilekane ndi bawuti. Ndipo ngati bawutiyo imadutsa mbali zonse ziwiri, yatsopano muli nayo kale m'thumba, musataye tsiku: iduleni ndi sowo ya zitsulo.

Ikathyokera m'chitsulo, njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi kuwotcherera nati pachitsa chotsalacho. Nati imaikidwa pamwamba, wowotcherera amadzaza m'kati mwa bowo lake, ndipo mumapeza zinthu ziwiri nthawi imodzi: mutu watsopano wogwirapo sipanala, ndi kutentha kolowa m'kati mwenimweni mwa mazinga. Pa aluminiyamu njirayi imayenda bwino kwambiri, chifukwa chitsulo chowotchereracho sichimata pa aluminiyamu. Batire liyambe lachotsedwa, ndipo waya wa efi wa makinawo ugwire pafupi ndi powotchererapo, kuti magetsi asadutse m'kompyuta ya galimoto kapena m'mabering'i.

Kubowola ndi njira yomaliza, yofuna dzanja lokhazikika. Khomani kachizindikiro pakati penipeni pa chitsacho, yambani ndi kachitsulo kobowolera kakang'ono, muzikulitsa bowo pang'onopang'ono, molunjika. Pali tizitsulo tobowolera tozungulira chakumanzere, ndipo nthawi zina timatulutsa chitsacho tokha tikungobowola. Tizitsulo tokhomera m'bowo kuti tizule bawuti, totchedwa easy-out, ndimatiopa. Timathandiza pa bawuti imene yathyoka isali yadzimbiri. Pa yadzimbiri, imene idakana mphamvu ya mutu wake wonse, kachitsulo kocheperako n'kovuta kuti kapambane, ndipo kakathyokera m'menemo mwatsekera bowolo ndi chitsulo cholimba kuposa chobowolera chanu. Mazinga akaonongeka amabwezeretsedwa ndi kawaya kopotana kotchedwa Helicoil, kamene kamalowa m'bowo lokulitsidwa pang'ono n'kulandira bawuti ya saizi yakale yomweyo. Koma ngati chitsacho chili mu silinda hedi, m'buloko ya injini kapena pa mabuleki, ndipo simunabowolepo chitsulo, pitani nacho kwa odziwa. Bowo lokhota pa hedi limadula kuposa malipiro a mmisiri.

Pobwezeretsa, kumbukirani amene adzamasule m'tsogolo, yemwe mwina ndi inu nomwe. Tsukani mazinga, ndipo bawuti iliyonse iyambe kulowa ndi zala sipanala isanafike. Yolowa m'malo mwa yothyoka ikhale yolimba mofanana nayo. Manambala a pamutu, 8.8, 10.9 kapena 12.9, amanena kulimba kwake, ndipo mabawuti a ku Japan kawirikawiri amakhala ndi nambala imodzi, monga 7 kapena 9. Bawuti yopanda chizindikiro, yogula pamsika kuti imange geti, isapite pa mabuleki kapena pa miyendo ya galimoto. Girisi wa kopa ndi wabwino pa mabawuti a ekizozi, koma pa manati a matayala ayi: muyeso wa fakitale udawerengedwa mazinga ali ouma, ndipo mukawapaka mafuta, mphamvu yomweyo imatanula bawuti kupitirira malire. Mabawuti a silinda hedi pa injini zambiri za lero adapangidwa kuti amangidwe kamodzi kokha. Sipanala yoyeza mphamvu, torque wrench, ndi yokwera mtengo, koma anthu oyandikana atha kusonkherana n'kumabwerekana.

Manati ambiri a matayala amakana kumasuka opanda dzimbiri ndi pang'ono pomwe, chifukwa chomangidwa mopyola ndi makina kapena ndi munthu wolumphira pa paipi. Choncho mukapita kokamatitsa tayala, musachoke musanayese nati iliyonse ndi wilo sipanala ya m'galimoto mwanu. Ikakana, pemphani kuti aimasule ndi kuimanganso moyenera muli pomwepo, chifukwa tayala likadzaphulika pakati pa Dedza ndi Ntcheu, sipanala imene mudzakhale nayo ndi yomweyo.